Foni M'bokosi, Azakhali Pamphasa

M'dziko la Khalachete malamulo sabwera chifukwa cha njala kapena mlatho wogumuka. Amabwera mfumu ikachita manyazi. Lamulo la Ola Limodzi linabadwa tsiku limene Mfumu Ndilipobe Yachinayi inapita kukatsegulira mjigo watsopano ku Mtsekapakamwa, likulu la dzikolo. Inapopa kasanu, madzi osatuluka. Inapopanso ndi mphamvu zonse zaufumu, ndipo chimene chinamveka ndi buluku lake likung'ambika kumbuyo, kuyambira palamba mpaka kumunsi.

Akuluakulu onse amene analipo anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Koma mtsikana wina wa Fomu 2 anali atakweza foni. Pofika madzulo kanemayo anali m'foni iliyonse m'dzikomo. Wina anamuikira ng'oma. Wina anamuchedwetsa kuti kung'ambikako kuzitenga mphindi yathunthu.

Patapita masiku atatu, malole anafika pamsika wa Tsitsaniko kudzanyamula anthu okaomba m'manja kubwalo la mfumu. Mwa onyamulidwawo munali a Welosi Kamphambale, osoka nsapato pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi zimbudzi za msika. Iwo anali atapitako kambiri kukaomba m'manja, ndipo ankadziwa kuomba uku akuwodzera. Koma tsiku limeneli tulo tinawathawa.

Nduna Yoona za Tsogolo la Ana, Olemekezeka a Angaalikunja, amene ana awo onse asanu ankaphunzira kutsidya kwa nyanja, anaimirira misozi ikulengeza m'maso.

"Mfumu yanga, ana athu atha," anatero. "Makosi apindika. Sakuwerenga, sakusesa, sakupereka moni. Choopsa kwambiri, ayamba kujambula zinthu zimene sizinachitike."

Nduna ina inapempha kuti mijigo iletsedwe. Ina inati vuto ndi atelala, amangidwe onse. Ina, imene inadzuka mochedwa, inati mwina ana ndiwo aletsedwe, ndipo inaomberedwa m'manja mpaka anthu atazindikira kuti mfumu sikuomba nawo. Mfumuyo, imene inali itakhala pansi chiyambire msonkhano ndipo sinafune kuimirira, inati mtima wake ndi wofewa. Ana asalandidwe intaneti. Apatsidwe ola limodzi.

Lamulo linawerengedwa. Mwana aliyense wa zaka khumi ndi zitatu mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi azigwira foni kuyambira folo koloko mpaka faifi koloko madzulo, basi. Nthawi ina yonse foni izikhala m'bokosi la boma, kiyi ali m'khosi mwa bambo. Akulu okha ndiwo anali ndi ufulu wotsegula bokosilo ndi kugwiritsa ntchito intaneti mmene angafunire. Panakhazikitsidwanso gulu la Apolisi Okhudza, amene ntchito yawo inali kulowa m'nyumba ndi kuika foni patsaya. Ikapezeka yofunda mwana ali pafupi, bambo wa nyumbayo azikapopa mjigo wouma uja sabata yathunthu.

Mabokosiwo anakhoma ndi mlamu wa mfumu, amene mwamwayi chabe anali atagula matabwa onse a m'dzikomo lamulo lisanaganiziridwe.

Pagulu lonselo, munthu mmodzi yekha ndiye anaomba m'manja kuchokera pansi pa mtima, ndipo anali a Welosi. Kunyumba kwawo kunali mwana wawo Mwandida, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene nkhope yake anali asanaione bwinobwino chaka chonse. Ankangoona liwombo. Akamufunsa kuti wadzuka bwanji ankati "mm." Akamuuza kuti mbuzi yalowa m'nyumba ankatinso "mm."

Anafika kunyumba bokosi lili kukhwapa ngati munthu wopambana mpikisano.

"Nachisale, muitaneni mwana wanu uja," anatero kwa akazi awo. "Boma laganiza lero."

Mwandida anabwera, namvetsera lamulo lonse, napereka foniyo ndi manja awiri atagwada. Zimenezi zinawadetsa nkhawa pang'ono a Welosi.

"Palibe chimene ukufuna kunena?"

"Palibe, ababa. Kiyiyo musamutaye."

Foniyo inali imodzi panyumbapo, ndipo inali ya a Welosi dzina lokha. M'mawa mwake anaitulutsa kuti asonyeze banja lawo ufulu wa akulu. Anakhudza galasi. Galasi linangowayang'ana. Zala zawo zinali zitauma gwa ndi ulusi ndi zingano za zaka makumi atatu, moti foniyo sinkadziwa ngati yakhudzidwa ndi munthu kapena ndi mwendo wa tebulo. Anakanda, ananyowetsa chala ndi malovu, anayesa ndi chigongono.

"Patseni kuno, bambo a Mwandida," anatero a Nachisale.

Chala cha a Nachisale foni inkachimva, koma iwo zilembo sankazidziwa. Anadina apa, nadina apo, ndipo pasanathe mphindi ziwiri chithunzi cha m'mphuno mwawo chinali chitafika kwa amayi onse a kwaya pamodzi ndi abusa. Foni inabwerera m'bokosi.

Zinali chomwecho m'nyumba zonse za Khalachete. Zinadziwika tsopano kuti mbewu zinkagulitsidwa ndi ana, mankhwala ankafunsidwa ndi ana, ngakhale mikangano ya apongozi inkalembedwa ndi ana. Achinyamata opitirira zaka makumi awiri sakanathandiza, chifukwa onse anali atapita kumaiko oyandikana nawo kukafuna ganyu. Anthu atayamba kubwerekana ana a zaka khumi ndi ziwiri ngati mchere, mfumu inalengeza kuti yawapatsa anawo mphatso ya chaka chimodzi aliyense, kuti lamulo liwakhudze nawonso.

Choncho dziko lonse linayamba kugwira ntchito ola limodzi patsiku. Ikakwana hafu pasiti fili, msika unkaphulika. Amayi ankathamanga madengu ali pamutu, tomato akugubuduka kumbuyo. Ometa ankasiya mitu yometedwa mbali imodzi. Abusa ankadumpha mavesi. Akuba nawonso ankathamangira kwawo, poti nawo anali ndi ana. M'nyumba, mwana ankakhala pampando wa bambo, makolo ali pamzere.

"Mmodzimmodzi chonde," Mwandida ankatero. "Amayi anayamba kufika."

"Nyumba ino ndi yanga, iwe."

"Ndiye mudikire momasuka, ababa."

Ndipo poti dziko lonse linkalowa pa intaneti nthawi imodzi, netiweki inkatsamwa. Kagudumu ka pagalasi kankangozungulira, banja lonse likukayang'ana ngati likudikira mwana kubadwa. Mauthenga ankagwa itatsala pang'ono kukwana faifi.

Apa ndi pamene panagona tsoka la a Welosi. Kumudzi kwawo kwa Tidzaonana anthu anasiya kale kutumiza munthu panjinga kukanena maliro. Uthenga ankauponya pagulu la pafoni lotchedwa Akumudzi Okhaokha, poti palibe amene akanawononga mayunitsi kuimbira anthu makumi anayi mmodzimmodzi. Munthu akamwalira, uthenga unkaponyedwa m'mawa, ndipo mwambo woika unkachitika mawa lake dzuwa lisanafike paliwombo. Basi yopita kwa Tidzaonana inali imodzi, yonyamuka thwelofu koloko masana. Kale Mwandida ankangofuula kuchokera kuchipinda kuti auje atisiya, a Welosi n'kuthamangira basi ya tsiku lomwelo. Tsopano ankamva madzulo basi itapita, n'kukwera ya mawa lake, n'kukafika anthu atasamba kale m'manja.

Anajomba maliro a malume awo a Dzinkambani. Anajombanso a mkazi wa msuweni wawo. Lachitatu lina, itatsala mphindi ziwiri kuti bokosi litsekedwe, panagwa uthenga wa mawu. Mwandida anadina. Anali a Bizaliyele, mkulu wa adzukulu okumba manda kwa Tidzaonana, munthu wolankhula mofatsa ngati akuitanira anthu ku tiyi.

"A Welosi, ndine Bizaliyele. Maliro awiri simunaoneke. Sitikukangana nanu ayi, anthu a m'tauni mumatanganidwa. Koma azakhali anu a Nankhoma ali pamphasa, phala lakanika kuyambira Lamlungu. Mukajombanso pamenepa, tsiku lanu likadzafika mudzabwere ndi khasu lanu, mudzadzikumbire nokha. Anyamata agwirizana. Moni kwa amayi kunyumbako."

A Welosi anakhala pansi pomwe panalibe mpando. Sankaopa imfa kwenikweni. Ankaopa kugona pakhonde masiku anayi, adzukulu atakhala pamakasu awo akusewera bawo, anthu odutsa akufunsana kuti wanunkhayo ndi ndani.

"Uwayankhe," anatero. "Uwauze kuti ndi lamulo la boma."

"Yakwana faifi, ababa," anatero Mwandida, napereka foni ndi manja awiri.

M'mawa mwake kumsika anasoka nsapato ya kumanzere kawiri, ya kumanja osaikhudza. Mayi Dokiso, ogulitsa mafilizesi pafupi nawo, anawayang'ana kwa kanthawi.

"Achimwene, mwatani? Nkhope ngati mwameza singano."

Anawafotokozera zonse.

"Nanga zimenezo n'zolira? Mwanayo atsegule m'mawa, mukatha mubweretse foniyo kuno igone pakati pa mafilizesi. Wapolisi akaiika patsaya, dzino limamuwawa. Theka la msika uno likuchita zimenezo. Mafilizesi anga ndinasiya kugulitsa, ndi a ntchito imeneyo basi."

"Nanga akandipeza panjira isanazizire?"

"Mufunse a Sikelo."

A Sikelo, ogulitsa makala, anali atangobwera kumene kuchokera ku sabata yawo yopopa mjigo wouma. Manja awo anali asanamve kuti chilango chatha. Ankangokwera ndi kutsika okha, moti ogula ankaganiza kuti akuwaitana.

"Ine anandigwira ndili nayo m'chipewa, mwana ali pambuyo panga," anatero a Sikelo. "Ndinawauza kuti yafunda ndi maganizo anga. Anati m'dziko lino mulibe munthu woganiza mpaka foni kufunda."

"Madzi anatuluka?" anafunsa mayi Dokiso.

"Lachisanu munatuluka buluzi. Nduna inabwera kudzamujambula."

A Welosi anayang'ana manja a a Sikelo, nayang'ana awo. Ndi manja otero munthu sangalowetse ulusi pasingano. Anaganiza zotsata njira ya lamulo. Mwamwayi tsiku lotsatira linali Tsiku Lothokoza, limene anthu a ku Khalachete amaloledwa kukadandaula kwa mfumu malinga ngati dandaulolo likuyamba ndi kutha ndi zikomo.

Anafika kubwalo naini koloko m'mawa atavala jekete la maliro, poti analibe lina. Atangolowa pachipata anaima. Pansi pa mtengo wa m'bwalomo panali mpando wa khushoni, ndipo pampandopo panali mwana wamkazi wa mfumu, wa zaka khumi ndi zisanu, miyendo atasanjikiza, foni zitatu zili pamiyendo. Kutsogolo kwake kunali mzere wa nduna, mkulu wa asilikali ndi oweruza milandu awiri, aliyense atagwira foni yake ngati mbale ya odwala kuchipatala.

"Mmodzimmodzi chonde," mtsikanayo ankatero. "Ankolo a zankhondo, mwayiwalanso nambala yotsegulira? Ndinakuuzani kuti ndi tsiku lanu lobadwa."

"Lenileni kapena la pachiphaso?" anafunsa mkulu wa asilikali.

A Angaalikunja, Nduna ya Tsogolo la Ana ija, anaona a Welosi atayasama ndipo anachoka pamzere.

"Bambo, mukuyang'ana chiyani?"

"Pepani bwana, zikomo. Ndimati mwina ndi m'mawa."

Nduna inaloza pakhoma la nyumba ya mfumu. Panali wotchi yaikulu, mivi yake itaima pa teni pasiti folo. Pansi pake panali msilikali ndi mfuti, mabatire a wotchiyo akuonekera m'thumba la malaya ake.

"Kuno ndi folo koloko," inatero nduna. "Yakhala ili folo koloko kuyambira mwezi watha. Boma limatsata lamulo kuposa wina aliyense."

Nthawi yawo itakwana, a Welosi anagwada pamaso pa mfumu, imene tsopano inkavala mkanjo. Anathokoza chifukwa cha lamulo, chifukwa cha bokosi, ndi chifukwa cha mjigo. Kenako anafotokoza za basi ya thwelofu koloko, za azakhali awo, ndi za a Bizaliyele. Anapempha ngati n'kotheka kuti anthu wamba abwerekeko pang'ono folo koloko ya kubwalo kuno, ngakhale m'mawa mokha. Anamaliza ndi zikomo atatu.

Mfumu inatembenukira kwa nduna zake. "Mwamva? Munthu uyu anajomba maliro awiri chifukwa chomvera ine. Ndani mwa inu anajombapo ngakhale nkhomaliro?"

Nduna zinayang'ana pansi. Mfumu inalamula kuti a Welosi atchedwe Kholo Lachitsanzo la dziko lonse. Inalamulanso kuti Apolisi Okhudza azifika kunyumba kwawo katatu patsiku, kuti akaphunzire mmene foni yozizira bwino imamvekera patsaya. Za wotchi inati nthawi ya boma ndi katundu wa boma, sabwereketsa. Koma kuti asabwerere chimanjamanja, inawapatsa mphatso ya loko wachiwiri.

Anthu a m'malole anaomba m'manja uku akuwodzera.

Panjira yobwerera a Welosi anayenda pang'onopang'ono, loko ali m'thumba. Atafika pamphambano ya kumsika anayamba kuseka okha. Anali atapeza nzeru imene nduna zonse sizikanaipeza. Ngati uthenga wa maliro ukuchedwa kufika kwa munthu, munthuyo apite akaudikire komwe umachokera.

"Nachisale, ndimangireni bulangete ndi mkeka. Ndikupita kwa Tidzaonana."

"Amwalira?"

"Ayi. Ndikukakhala pafupi."

"Bambo a Mwandida, munthu amapita kumaliro a munthu wamoyo?"

"Phala lakanika kuyambira Lamlungu. Ndi nkhani ya masiku awiri, atatu. Lolemba ndabwera."

Anatenganso thumba la zingano ndi ulusi kuti asamangokhala. Makiyi onse awiri anawasiya m'khosi mwa akazi awo. Mwandida anawanyamulira mkeka mpaka pamsewu.

"Muyende bwino, ababa. Ndikamva kuti amwalira ndikuuzani folo koloko."

Basi inali yodzaza ndi amuna ovala majekete akuda, aliyense ndi bulangete lake, aliyense akupewa maso a mnzake. Nzeru ija sinali ya a Welosi okha. Kwa Tidzaonana anapeza kuti pakhonde la nyumba iliyonse ya wodwala pali munthu wa m'tauni atakhala pamkeka, akufunsa mwaulemu ola lililonse kuti kaya agona bwanji m'katimo.

A Bizaliyele anawalandira pabwalo la azakhali awo, khasu lili paphewa.

"Mwafulumira, a Welosi."

"Ndinati ulendo uno ndisachedwe."

"Mwachita bwino. Tingomvana chimodzi. Kufika si kuika maliro. Mlandu wanu udzatha tsiku limene mudzaponye dothi pa azakhali anu. Mukachoka, tsikulo n'kufika inu kulibe, tiwerenga kuti mwajomba kachitatu."

"Sindichoka," anatero a Welosi mokondwa. "Ndili pompano."

Analowa m'nyumba. A Nankhoma anali pamphasa, ochepa ngati mtolo wa nkhuni, maso ali otseka. A Welosi anagwada nayamba kukonza mawu achisoni pakhosi. Diso limodzi linatseguka. Linayang'ana jekete lakuda, linayang'ana bulangete, linayang'ana mkeka.

"Ndiwe Welosi?"

"Ndine, azakhali."

"Zaka zisanu ndi ziwiri sunabwere kudzandiona ndili woyenda. Lero wabwera ndi zofunda."

"Ndimati ndidzakuoneni, azakhali."

"Jekete limenelo ndi loonera anthu?" Diso lachiwiri linatseguka. "Itana mtsikana panjapo. Umuuze abweretse phala lija. Athiremo nsinjiro."

Tsiku limenelo anamwa phala mbale imodzi. Mawa lake anamwa ziwiri nafunsa ngati nkhuku yawo yamawanga idakalipo. Lolemba, tsiku limene a Welosi anati adzakhala atabwerera, azakhali anatuluka panja ndi ndodo kukakalipira ana amene ankagenda mango. Lachinayi ndodoyo anaiyiwala m'nyumba. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo, n'kuyang'ana a Welosi ali pamkeka, n'kudziwongola mpaka mafupa kulira.

"Wadzuka bwanji, wodikira?"

"Ndadzuka bwino, azakhali. Kaya inu?"

"Ine ndadzuka bwino kwambiri. Pepa."

A Bizaliyele ankadutsa masana alionse kudzaona ngati alipo. Tsiku lina a Welosi anawakokera pambali.

"Akulu, nanga poti munthuyo wachira, sindingathamangireko kunyumba sabata imodzi?"

"Mukhoza. Koma anthu okalamba sachenjeza. Akatisiya m'mawa inu mudzamva nthawi yanji?"

A Welosi anabwerera pamkeka.

Mwezi unatha. Pamsika wa Tsitsaniko, pansi pa mtengo wa mbawa, panakhala munthu wina wosoka maambulera. Mwandida anatumiza uthenga kudzera kwa kondakitala wa basi wakuti Apolisi Okhudza amabwerabe katatu patsiku, ndipo mmodzi wayamba kubwera ndi supuni yake.

Loweruka lina m'mawa a Welosi anali pamkeka, jekete lija litayamba kufiira ndi fumbi, pamene chinthu chinagwa pamiyendo pawo. Zinali nsapato zachikazi zakuda, zidendene zitadyeka mbali imodzi. A Nankhoma anali ataima pamwamba pawo, atamanga duku latsopano.

"Kwa Chimbalanga kuli ukwati mwezi wamawa, ndikufuna ndikavine. Poti uli pompano, undisokere izi."

A Welosi anatembenuza nsapatozo. "Ndingozigwiragwira pang'ono, azakhali? Zongokwanira ukwatiwo?"

"Ayi, mwana wa mlongo wanga. Uikemo mphira wa tayala, usoke kawiri. Ndikufuna zinditengere zaka khumi."